Zolemba za ntchito yopanga D flip-flop ndi mageti a NAND

Sabata yoyamba, Lolemba

Ntchito imene ndayamba lero ndi yokonza phunziro la mu labotale, lakuti wophunzira amange yekha D flip-flop, seketi yosunga 0 kapena 1, yosintha pa nthawi imene clock (chizindikiro chokwera ndi kutsika pakati pa 0 ndi 1) ikukwera, pogwiritsa ntchito mageti a NAND (timaseketi totulutsa 0 pokhapokha mawaya onse olowa ali 1), osatenga IC (chip) yopangidwa kale. Chandikakamiza ndi chimene ndakhala ndikuchiona chaka ndi chaka. Ophunzira amajambula flip-flop ngati kabokosi kokhala ndi kachizindikiro ka makona atatu pa mwendo wa clock, ndipo amaganiza kuti m'kati mwake muli kanthu kena kobadwa nako kumvera clock. Koma m'katimo mulibe clock ina yoyang'anira mageti. C, waya wa clock, ndi waya wolowa chabe monga mmene alili D, waya wobweretsa 0 kapena 1 woti asungidwe, ndipo mageti amayankha nthawi ina iliyonse imene mmodzi mwa mawaya awiriwa wasintha. Choncho flip-flop, imene ndi njerwa yomangira maseketi onse oyendera clock, payokha ndi seketi ya asynchronous, yosayendera clock, ndipo iyenera kupangidwa motero.

Nditsatira njira ya flow table (tebulo loonetsa kumene seketi imapita waya wolowa akasintha) imene David Huffman anaifalitsa mu 1954. Njirayi ili ndi lamulo limodzi lofunika kulisunga, limene limatchedwa fundamental mode: waya wolowa mmodzi yekha ndiye asinthe pa nthawi imodzi, ndipo wina asasinthe mpaka seketi itakhazikika. Seketi yokumbukira inalipo kale Huffman asanabadwe, pakuti William Eccles ndi F. W. Jordan anaipanga ku Britain mu 1918 ndi ma valve awiri, koma chimene Huffman anabweretsa ndi dongosolo lochokera pa zimene ukufuna kuti seketi ichite n'kukafika pa mageti popanda kulota.

Zipangizo zilipo m'kabati: ma IC a 74HC00 ndi 74HC10 (a mageti a NAND) ndi 74HC04 (ya ma inverter, otembenuza 0 kukhala 1 ndi 1 kukhala 0), breadboard, ma LED ndi oscilloscope ya mawaya awiri. Zonse ndiziyendetsa pa mavolti 5.

Sabata yoyamba, Lachitatu

Tebulo loyamba latha. Popeza pali mawaya olowa awiri ndi wotuluka mmodzi, Q, ma state (mikhalidwe imene seketi ingakhalemo) okhazikika alipo 8. Ndawapatsa manambala 1 mpaka 4 pamene Q ali 0, motsatana ndi CD (C ndi D pamodzi) wa 00, 01, 11 ndi 10, ndipo 5 mpaka 8 pamene Q ali 1, motsatana chimodzimodzi. M'tebulo lonseli Q amasintha pa malo awiri okha: kuchoka pa 2 kupita pa 7, pamene C wakwera n'kupeza D ali 1, ndi kuchoka pa 5 kupita pa 4, pamene C wakwera n'kupeza D ali 0. Kwina konse seketi imangosuntha mwakachetechete Q osagwedezeka.

Malo amene ndikufuna ophunzira adzaimepo nthawi yaitali ndi state 3 ndi state 7. Onse awiri ali ndi C wa 1 ndi D wa 1, koma wina amatulutsa 0 pamene mnzake amatulutsa 1. Kusiyana kwake ndi mbiri yokha: pa 7 D anafika msanga, clock n'kumupeza, pamene pa 3 D anachedwa, n'kufika clock itakwera kale. Kukumbukira konse kwa flip-flop kwagona pa kusiyanitsa awiriwa.

Mzere uliwonse watsala ndi bokosi limodzi lopanda kanthu, la pamene C ndi D angasinthire limodzi, zimene lamulo lija laletsa. Mabokosi amenewa ndi amene alola kuphatikiza mizere. Mizere 1, 3 ndi 4 yakhala mzere umodzi umene ndautcha a, mzere 2 watsala wokha ndipo ndi b, mizere 6, 7 ndi 8 yakhala c, ndipo 5 ndi d. Mizere inayi ikufuna mawaya awiri obwerera m'mbuyo, y1 ndi y2.

Sabata yoyamba, Lachisanu

Dzulo ndinalakwitsa chinthu chimene ndimadzudzula nacho ophunzira, ndipo ndikuchilemba pano kuti chidzalowe m'phunziro. Pofulumira ndinapatsa mizere inayi ija manambala a y1 ndi y2 mongowerenga, a kukhala 00, b 01, c 10 ndi d 11. Ndinalemba seketi mu Verilog, chinenero cha kompyuta chofotokozera maseketi, geti lililonse n'kulipatsa kuchedwa kwa nanosekondi 8, ndipo nditaiyendetsa pa pulogalamu yoyesera ya Icarus Verilog inagwira bwinobwino. Ndinatseka kompyuta mtima uli m'malo.

M'mawa uno mnzanga amene timaphunzitsa naye anaona pepala langa pa desiki, naloza ndi cholembera pa muvi wochoka pa b kupita pa c, n'kunena kuti, "Achimwene, apa mawaya onse awiri akusintha limodzi. Woyamba kufika ndi uti?" Ndinalibe yankho. Kuchoka pa 01 kupita pa 10, ngati y1 atsogola seketi imadutsa pa 11, ndipo kumeneko bokosi ndi lopanda kanthu, tikhoza kulilozetsa ku c. Koma ngati y2 atsogola kugwa, seketi imagwera pa 00, amene ndi mzere a, ndipo mzere a uli wokhazikika pamene C ndi D onse ali 1. Ikafika pamenepo imakhala pansi osadzukanso, Q n'kutsala pa 0 ngakhale clock inakwera D ali 1. Umenewu ndi mpikisano umene umatchedwa critical race. Kompyuta sinauonetse chifukwa ine ndemwe ndinaiuza kuti mageti onse amathamanga mofanana, zimene sizichitika pa IC yeniyeni. Nditachepetsa kuchedwa kwa mageti a mbali ya y2, vuto linaonekera pompo.

Mivi yonse ya m'tebulo imayenda mozungulira, a ndi b, b ndi c, c ndi d, kenako d kubwerera ku a, choncho mankhwala ake ndi kupereka manambala oti oyandikana asiyane pa malo amodzi okha: a 00, b 10, c 11, d 01. Mwa njira imeneyi Q ndi y2 yemweyo. Pa mapu a Karnaugh, ochepetsera mageti, zatuluka izi, pamene C′ akuimira C wotembenuzidwa, ndipo Y1 ndi Y2 ndi zimene y1 ndi y2 adzakhale:

Y1 = C′·D + C·y1
Y2 = C·y1 + C′·y2

Nditaziyang'anitsitsa ndinaseka ndekha, chifukwa imeneyi ndi master-slave yodziwika ija, ya ma latch (timaseketi tosunga 0 kapena 1) awiri ondondozana. Y1 ndi master, latch imene imatsatira D pamene C ali pansi n'kutseka pamene wakwera, ndipo Y2, slave, imachita zosemphana nazo. Sindinayambe ndi maganizo a ma latch awiri, tebulo ndi limene landifikitsa pamenepo lokha, ndipo ndikuona kuti wophunzira amene angadzionere zimenezi ndi maso ake sangadzaiwalenso chifukwa chimene master-slave ilili ndi maonekedwe amenewo.

Sabata yachiwiri, Lachiwiri

Ndamanga seketi pa breadboard ndi ma 74HC00 awiri, geti limodzi likugwira ntchito ya inverter. Zovuta ziwiri zing'onozing'ono zandidyera m'mawa wonse. Batani limene ndimakanikiza ngati clock limanjanja likamagunda ndi likamasiya, kotero kuti Q amasintha ngakhale pochotsa chala. Ndaikapo swichi ya mbali ziwiri yolowa mu SR latch ya mageti awiri, ndipo zatha. Chachiwiri anachiona ndi bambo amene amasamalira labotale, amene anandikumbutsa mwaulemu kuti miyendo yolowa ya mageti osagwiritsidwa ntchito ndinaisiya ikulendewera, chikhalirecho pa CMOS iyenera kumangidwa ku ground kapena ku mavolti 5. Anaikanso kapasita ya 100 nF pafupi ndi IC iliyonse asanandifunse n'komwe.

Masana seketi inadutsa ma state onse 8 monga mwa tebulo, ma LED akuyaka ndi kuzima pa nthawi yake.

Sabata yachiwiri, Lachinayi

Lero ndi tsiku limene ntchitoyi yayamba kundiphunzitsa ineyo. Ndinalumikiza clock yothamanga, D n'kumumanga pa 1, kuti ndione Q pa oscilloscope. Q amayenera kukhala mzere wowongoka pa mavolti 5, koma nthawi iliyonse imene clock imatsika pamaoneka kakuphethira, kadzenje kopyapyala kosafika n'komwe pansi. Pofuna kuona chimene chimayambitsa, ndinatenga probe (waya woyezera wa oscilloscope) yachiwiri n'kuigunditsa pa C′. Nthawi yomweyo LED ya Q inachita mdima pang'ono, ndipo pa galasi Q anayamba kugwera pa 0 pa kutsika kwa clock n'kukhala komweko mpaka clock itakweranso. Ndikachotsa probe zimabwerera mwakale, ndikaibwezera zimayambiranso. Ndinabwereza kangapo ndisanazindikire kuti kaswichi ka pa probe kanali pa 1X, pamene probe imalemetsa waya kwambiri kuposa pa 10X, ndipo kulemerako kumachedwetsa inverter.

Chifukwa chake chili poyera mu Y2. Pamene y1 ndi y2 onse ali 1 ndipo C ali m'mwamba, amene akugwirizira Q ndi C·y1. C akatsika, udindowo uyenera kupita kwa C′·y2, koma woyambayo amasiya msanga pamene wachiwiri akudikirabe inverter. Pakatipo pamakhala kanthawi kamene palibe wagwira. Mu seketi yopanda waya wobwerera, kuphethira kotere kumangodutsa. Muno ayi, chifukwa Y2 akagwa y2 amagwa naye, ndipo C′ akamafika amapeza y2 ali kale 0, palibenso chogwirizira. Imeneyi ndi static hazard, ndipo pano siikungodetsa chithunzi cha pa oscilloscope, ikufufuta chimene flip-flop inasunga.

Kukonza kwake ndi kuwonjezera chigawo chachitatu chimene sichidalira C, cholumikiza magulu awiri oyandikana pa mapu:

Y1 = C′·D + C·y1 + D·y1
Y2 = C·y1 + C′·y2 + y1·y2

Apa pali chinthu chimene chidzavute kuphunzitsa. Kuyambira chaka choyamba timauza ophunzira kuti mapu amene Maurice Karnaugh anawafotokoza mu 1953 ndi ochepetsera mageti, ndipo wojambula gulu losafunika timamuchotsera malikisi. Tsopano ndiyenera kuwauza kuti gulu lomwelo ndi limene lapulumutsa seketi. Pa algebra ya Boole chigawo y1·y2 sichisintha kanthu, ndipo pulogalamu yochepetsa logic ikhoza kuchichotsa poona ngati n'chongowonjezera, chimene ndi chifukwa chimodzi chosamangira latch yotere ndi manja m'kati mwa FPGA, IC imene logic yake imakonzedwa ndi pulogalamu. Algebrayo sidziwa za nthawi.

Ndamanganso ndi 74HC10 kuti mageti otuluka akhale a miyendo itatu. Mageti onse pamodzi ndi inverter akwana 9, malinga ndi mmene ndamangira latch iliyonse payokha. Kadzenje kaja kazimiririka, ndipo probe ya 1X pa C′ sikugwetsanso Q pamene D ali 1.

Sabata yachitatu, Lolemba

Sindinagwire seketi. Ndalemba tsamba loyamba la malangizo a ophunzira ndi kujambulanso tebulo mwaukhondo.

Sabata yachitatu, Lachitatu ndi Lachinayi

Mawu akuti "pamene D ali 1" amene ndinatsekera nawo sabata yatha akhala akundisowetsa mtendere, chifukwa chigawo y1·y2 chimagwirizira Q pokhapokha y1 ataima nji. Nanga pa state 8, pamene C ali 1, Q ali 1, koma D watsika kale? Clock ikatsika pamenepo y1 ayenera kugwa ndithu, popeza master yatseguka ndipo ikutsatira D. Q ndiye ayenera kutsala pa 1, ndipo womugwirizira yekhayo ndi C′·y2. Ndiye kuti pali mpikisano wina, osati wa y1 ndi y2, koma wa uthenga wakuti C watsika ndi uthenga wakuti y1 wagwa, onse akuthamangira ku slave. Uthenga wa y1 ukayamba kufika, slave imaganiza kuti clock ikadali m'mwamba ndipo master yanena 0, n'kumvera.

Ndinawerenga mageti a m'njira ziwirizi ndi chala pa chithunzi. Kugwa kwa y1 kumadutsa mageti awiri, ndipo geti la y1·y2 limasiya pa sitepe yachitatu. C′ amatuluka mu inverter pa sitepe yoyamba, geti la C′·y2 n'kugwira pa yachiwiri. Chotilekanitsa ndi ngozi ndi kuchedwa kwa geti limodzi lokha, nanosekondi zosakwana 10 pa mageti a HC. Pofuna kutsimikiza ndinachotsa inverter imodzi ija n'kuikapo zitatu zondondozana za 74HC04, zimene pa logic ndi chimodzimodzi. Q anayamba kugwa mwa apo ndi apo. Nditaika zisanu, amagwa pa kutsika kulikonse kochokera pa state 8.

Vuto limeneli ndi essential hazard, imene Stephen Unger anaifotokoza mu 1959, ndipo pali njira yoizindikirira pa tebulo pomwepo usanagwire waya: sintha waya wolowa kamodzi, uone kumene wafika, kenako ubwerere poyambira, uusinthe katatu, uone ngati wafika malo omwewo. Kuchoka pa 8, C akasintha kamodzi timafika pa 5, Q ali 1. Akasintha katatu timadutsa 5, kenako 4, n'kukathera pa 1, Q ali 0. Malo ndi osiyana, choncho hazard ilipo. Chimene chandikhudza n'chakuti siinabwere chifukwa cha manambala amene ndinasankha kapena magulu amene ndinajambula. Ili m'khalidwe lenilenilo limene tikufuna kuti flip-flop ikhale nalo, ndipo palibe chigawo cha logic chimene chingaichotse. Chotheka ndi kuonetsetsa kuti njira ya clock ndi yachangu kuposa njira yobwerera, kapena kuchedwetsa dala y1 asanalowe mu slave. Ndinayesa chachiwirichi poika ma inverter anayi pa y1 ndikusiya asanu aja pa C′, ndipo Q analeka kugwa. Mtengo wake ndi wakuti Q tsopano amachedwa kutuluka clock ikakwera.

Ndasankha kuti m'phunziro ophunzira adzachite zomwezi ndi manja awo, kuwononga seketi yogwira bwino ndi ma inverter amene pa pepala sasintha kanthu, kenako n'kuichiza ndi ma inverter enanso.

Sabata yachinayi, Lachiwiri

Ndamanga pambali seketi ya mageti 6 a NAND imene imaoneka pa chithunzi cha logic cha 7474, IC ya D flip-flop ya mtundu wa TTL, kuti ndiyerekeze ndi yanga. Ndawatcha mageti G1 mpaka G6. G1 amalandira G4 ndi G2. G2 amalandira G1 ndi C. G3 amalandira G2, C ndi G4. G4 amalandira G3 ndi D. Ndipo G5 ndi G6 ndi SR latch yotulutsa Q, yoyendetsedwa ndi G2 ndi G3. Pamene C ali 0, G2 ndi G3 onse ali 1, latch yotuluka ili phee, G4 wanyamula D wotembenuzidwa ndipo G1 wanyamula D. Clock ikakwera D ali 1, G2 amagwa, ndipo kugwa kwakeko kumakhoma G1 ndi G3 kuti D asamvekenso. Ikakwera D ali 0, amagwa ndi G3, n'kukhoma G4.

Ndiyenera kuvomereza kuti seketi imeneyi ndi yokongola kuposa yanga. Ili ndi ma latch atatu m'malo mwa awiri, kutanthauza kuti ili ndi ma state ambiri kuposa ochepetsetsa amene tebulo langa linapeza, komabe mageti ake ndi ochepa ndipo ilibe inverter pa clock. Kuchepetsa mizere ya tebulo sikunandipatse seketi yochepetsetsa. Ubwino wina ndi wakuti setup time ndi hold time zimawerengeka ndi maso: D ayenera kudutsa G4 ndi G1 clock isanakwere, ndipo ayenera kudikira mpaka G3 atakhoma G4 clock itakwera. Manambala amene ophunzira amawaloweza pa datasheet ndi lamulo lija la fundamental mode, lolembedwa m'nanosekondi.

Ndinafuna kudziwa ngati essential hazard ija yathawa pamodzi ndi inverter, ndipo yankho ndi lakuti sinathawe. Pa state 8 yomweyo, G2 ali 0 ndipo G4 ali 1. Clock ikatsika n'kuyamba kumveka kwa G2, iye amakwera, ndipo ngati G3 akuonabe C ali m'mwamba, miyendo yake yonse itatu imakhala 1, amagwa, n'kufufuta Q. Ndinaika ma inverter anayi pa waya wa C wopita kwa G3 yekha, ndipo Q anagwa pa kutsika kwa clock monga momwe anachitira pa seketi yanga. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene clock yotsika mwaulesi imaopsera, popeza mageti awiri sangagwirizane ndendende za mphindi imene yachoka pa 1 kufika pa 0.

Sabata yachinayi, Lachisanu

Ndinathera masana awiri ndikuyesa kuona metastability, kulendewera kwa Q pakati pa 0 ndi 1, posintha D pafupi kwambiri ndi kukwera kwa clock kuchokera ku magwero awiri osagwirizana. Thomas Chaney ndi Charles Molnar a ku Washington University mu mzinda wa St. Louis anafalitsa zithunzi zake mu 1973, zoonetsa flip-flop italendewera pakati pa 0 ndi 1 kwa nthawi yoposa imene imayembekezeka. Pa oscilloscope yathu ndangoona m'mphepete mwa Q mukunenepa pang'ono, zimene sindingalumbirire kuti ndi zomwezo. Gawo limeneli ndalichotsa pa zoyesa ndi manja, lidzangokhala lofotokoza, ndi kuloza ophunzira ku mabokosi 8 opanda kanthu aja kuti aone kuti tebulo silinalonjezepo chilichonse za kumeneko.

Dongosolo la phunziro tsopano lakhala la magawo awiri. M'gawo loyamba ophunzira adzachoka pa tebulo n'kukafika pa seketi ya mageti 9, ndipo sindidzawachenjeza za manambala a 00, 01, 10, 11, kuti amene agweremo adzitulutse okha. M'gawo lachiwiri adzalandira seketi ya mageti 6 n'kuyenda chobwerera, kudula ma latch atatu pa pepala ndi kupeza tebulo lake.

Chatsala ndi preset ndi clear, mawaya oika Q pa 1 kapena pa 0 mosadikira clock. Poyatsa magetsi m'mawa uliwonse Q amadzuka pamene wafuna, kawirikawiri pa 1 pa breadboard yangayi, ndipo ophunzira sangayambe kuyesa tebulo asakudziwa state imene ali. Kuwonjezera mawaya awiriwa pa seketi ya 7474 kumapangitsa mageti onse 6 kukhala a miyendo itatu, preset kulowa mu G1 ndi G5, clear kulowa mu G2, G4 ndi G6, kotero kuti gulu lililonse lidzafuna ma 74HC10 awiri. M'kabati ndawerengamo 11, ndipo magulu ndi 8. Ndalemba kalata yopempha ena, ndipo Lolemba ndiyesa chimene chimachitika preset ndi clear akamasulidwa pa nthawi imodzi.